Telesikopu zikuluzikulu zopangira pakhomo: kuchokera kwa Herschel kufika kwa Dobson

Mumzinda wa Bath ku England, pa nambala 19 mumsewu wa New King Street, pali nyumba yomwe masiku ano ndi yosungiramo zinthu zakale. Alendo akafika kuchipinda chakumbuyo, chomwe kale chinali chogwiriramo ntchito, amaonetsedwa miyala yapansi yong'alukang'aluka. Miyalayo inang'aluka mu 1781. Yemwe ankakhala m'nyumbamo, William Herschel, anali atasungunula zitsulo zolemera makilogalamu oposa 200 kuti aumbe kalilole wa telesikopu wa mainchi 36 m'mimba mwake. Ng'anjo inabooka, chitsulo chamoto chinakhuthukira pansi, miyala n'kuyamba kuphulika, zidutswa zikuulukira mpaka kudenga. Aliyense anatulukira khomo lake. Onse anapulumuka, koma za kaliloleyo zinathera pomwepo.

Herschel sanapiteko ku yunivesite. Ntchito yake inali nyimbo. Anabadwira ku Hanover mu 1738, anayamba ndi kuimba chitoliro m'bandi ya asilikali, anasamukira ku England mu 1757, ndipo mu 1766 analembedwa ntchito yoimba limba ku Octagon Chapel mumzinda wa Bath. Za nyenyezi anazidziwira m'mabuku omwe ankawerenga usiku akaweruka kophunzitsa nyimbo. Atafuna kudzionera yekha, anapeza kuti telesikopu zogulitsa zinali zing'onozing'ono, mtengo wake wosagwirika. Cha mu 1773 anagula zida kwa munthu wina wa mumzindamo amene anali atasiya ntchitoyi, nayamba kudzipangira.

Chimene chinkamusowetsa tulo n'chimene chimasowetsa tulo aliyense wolowa ntchito imeneyi mpaka lero: kukula kwa kalilole. Anthu ambiri amaganiza kuti ntchito ya telesikopu ndi kukulitsa zinthu, koma ntchito yake yoyamba ndi kusonkhanitsa kuwala. Mumtundu umene Isaac Newton anapanga mu 1668, kalilole wolowa m'kati ngati mbale amakhala pansi pa chipaipi, amatolera kuwala kwa nyenyezi n'kukubweza kumtunda, kumene kakalilole kena kakang'ono kamakupatutsira ku diso. Kalilole akakula kawiri m'mimba mwake, kuwala komwe amatolera kumachuluka kanayi. Wa masentimita 40 amaposa wa masentimita 20 kanayi, ndipo zinthu zimene zinkangooneka ngati utsi zimayamba kuonetsa maonekedwe ake. Munthu akangolawa zimenezi kamodzi, mtima umayamba kufuna wina wokulirapo.

Nthawi imeneyo akalilole otere sankapangidwa ndi galasi. Ankasakaniza kopa ndi tini, magawo awiri a kopa pa gawo limodzi la tini kapena chapompo, n'kupeza chitsulo choyera chonyezimira koma chosachedwa kusweka. Chikapukutidwa bwino chinkabweza pafupifupi magawo awiri mwa atatu a kuwala, ndipo pakapita miyezi chinkathimbirira, n'kufunika kuchipukutanso. Zikombole zoumbiramo Herschel ankazipanga ndi ndowe za akavalo, zoumitsa, zosinja ndi kusefa. Ntchito yosinja ndi kusefayo inkagwera kwambiri mchemwali wake Caroline, yemwe anabwera kuchokera ku Hanover mu 1772 akuganiza kuti akudzakhala woimba. Caroline analemba yekha kuti tsiku lina mchimwene wakeyo anapukuta kalilole maola 16 osachotsapo manja, moti iye ankachita kumudyetsa pomuika chakudya m'kamwa. Sikuti anali wamakani chabe: chitsulo chikazizira pakati pa ntchito, maonekedwe ake ankasintha.

Usiku wa pa 13 March 1781, ali kumunda wa kuseri kwa nyumba yomweyo, Herschel anaona kadontho komwe sikankaoneka ngati nyenyezi wamba. Poyamba anayesa nyenyezi yamchira. Linali pulaneti la Uranus, loyamba kutulukiridwa ndi telesikopu. Chipangizo chomwe anaonera chinali chaching'ono ndithu, kalilole wa masentimita 16 m'chipaipi chamatabwa cha mamita awiri ndi pang'ono. Chaka chotsatira Mfumu George III inamuikira malipiro a mapaundi 200 pachaka, ndipo anasiya nyimbo. Kuyambira pamenepo tinganene kuti sanalinso wongochita mwa chidwi, komabe zonse ankapangirabe pakhomo, ndi abale ake ndi akalipentala ndi osula a m'deralo.

Mu 1783 anamaliza telesikopu yotalika mamita 6, ya kalilole wa masentimita 47. Imeneyi ndiyo inagwira ntchito yeniyeni. William ankakhala pamwamba pa makwerero akutchula zomwe akuona, Caroline ali patebulo pafupi ndi wotchi akulemba, ndipo pomafika 1802 anali atalemba timitambo towala ndi magulu a nyenyezi okwana 2,500. Inali ntchito yoopsa. Usiku wa pa 31 December 1783 Caroline akuthamanga mumdima kuti akasinthe pomwe telesikopu inaloza, anaterereka m'chipale chofewa n'kugwera pa ngowe yachitsulo, yomwe inamubaya pamwamba pa bondo. Atachira anabwerera patebulo pake, ndipo pambuyo pake iye mwini anatulukira nyenyezi zamchira 8.

Koma mtima wa William unali pa chimphona. Mfumu inapereka mapaundi 2,000, kenako inawonjezera ena 2,000, ndipo pakhomo pake patsopano ku Slough panayamba kuima nsanja yamitengo yomwe apaulendo ankaionera patali. Chipaipi chinali chachitsulo, chotalika mamita 12, ndipo kalilole anali wa mita 1.2. Kalilole woyamba anatuluka wopyapyala pakati, moti ankapindika ndi kulemera kwake komwe. Wachiwiri amene anagwira ntchito anali wochindikala, wolemera pafupifupi tani imodzi. Pomupukuta, poyamba ankagwiritsa amuna ambirimbiri osinthanasinthana, koma manja ochuluka sankakankha mofanana, mpaka Herschel anapanga makina opukutira. Ntchito inatha mu 1789, chaka chomwe analengeza kuti waona miyezi iwiri yatsopano ya Saturn, Enceladus ndi Mimas.

Zitatero chimphonacho chinayamba kukhala chabe. Kuti chiloze kwina pankafunika anthu awiri okoka zingwe ndi kupukusa mawilo, kupatula woonayo ndi wolemba. Kalilole wa tani imodzi akathimbirira, kumutsitsa, kumupukuta ndi kumubwezera inali ntchito ya masiku ambiri. Ankachedwanso kuzizira, choncho usiku ukayamba zithunzi zinkakhala zosalongosoka. M'dziko la mitambo ngati England, kumene thambo limatha kuyera ola limodzi n'kutsekanso, munthu sangadikire zonsezo. Herschel ankangopita ku ija ya mamita 6. Yaikuluyo inasanduka chokopa alendo, inagwiritsidwa ntchito komaliza mu 1815, ndipo mwana wake John anaigwetsa chakumapeto kwa 1839 mitengo itayamba kuola. Banja lonse linalowa m'chipaipicho n'kuimba nyimbo yotsanzikana nacho.

John yemweyo anatenga telesikopu ya mamita 6, yomwe anaikonzanso ndi bambo ake, n'kukwera nayo sitima kupita ku Cape Town, komwe anafika mu January 1834. Anaiimika pa famu ya Feldhausen, dera lomwe lero ndi Claremont, ndipo kwa zaka zinayi anafufuza thambo la kummwera lomwe bambo ake sankaliona ali ku England. Anatenga akalilole oposa mmodzi kuti wina akathimbirira ndi mphepo ya kunyanja aziikapo wina. Pamalo pomwe telesikopuyo inaima pali chipilala mpaka lero.

Wotsatira pa mzerewu anali munthu wachuma. William Parsons, yemwe amadziwika kuti Lord Rosse, anali ndi nyumba yachifumu ku Birr m'dziko la Ireland, ndipo mkazi wake Mary anabwera ndi chuma chambiri m'banjamo. Herschel sanasiye malangizo a mmene ankaumbira akalilole ake, choncho Rosse anayambira pansi, akuphunzitsa antchito a pamalo pake kukhala amisiri. Mu April 1842 anasungunula zitsulo m'ng'anjo zitatu, akusonkhezera ndi dothi la m'madambo lomwe anthu a ku Ireland amaumitsa n'kumakolezera moto, n'kuumba kalilole wa mainchi 72, kapena kuti mita 1.8, wolemera matani atatu kapena kuposerapo. Kuti asang'aluke ankamuziziritsa pang'onopang'ono mu uvuni kwa milungu yambiri. Ngakhale zinali choncho, angapo anasweka asanapeze awiri abwino. Kupera ndi kupukuta kunkachitika ndi makina oyendera nthunzi.

Rosse anaphunzirapo kanthu pa vuto la kupindika. Kalilole wake sanagone pa thabwa limodzi, koma pa timiyendo tambiri tolumikizana atatuatatu, tomwe tinkagawana kulemera mofanana. Poyamba malo ogwira anali 27, kenako anafika 81. Nzeru imeneyi amisiri a pakhomo akuigwiritsabe ntchito. Koma pa kayendetsedwe anagonja. Chipaipi chachikulucho anachipachika ndi matcheni pakati pa makoma awiri amiyala, moti chinkatha kukwera ndi kutsika koma cham'mbali chinkangosuntha pang'ono. Chinthu chikadutsa pakati pa makomawo, woona anali ndi ola limodzi kapena kucheperapo kuti achione.

Ngakhale zinali choncho, mu April 1845 Rosse anaona kuti kamtambo kotchedwa M51 n'kozungulira ngati kamvuluvulu, ndipo anakajambula pamanja. Aka kanali koyamba munthu kuona maonekedwe otere pa chimene lero tikudziwa kuti ndi mlalang'amba wina. Chaka chomwecho njala yaikulu inagwa mu Ireland mbatata zitaola m'minda, ndipo ntchito ya telesikopu inaima kwa zaka pafupifupi zitatu. Palibe telesikopu ina inaiposa kukula mpaka 1917, pomwe ya mainchi 100 inatsegulidwa pa Mount Wilson ku California. Tikayerekeza ndi ndalama ndi thukuta zomwe zinalowapo, zomwe inatulukira ndi zochepa, ndipo mlandu waukulu ndi wa mitambo ya ku Birr ndi makoma aja.

Chimene chinatsegulira khomo anthu osakhala mafumu chinachokera kwa akatswiri a mankhwala. Justus von Liebig anapeza njira yomatira siliva wopyapyala pa galasi, ndipo cha mu 1856 ndi 1857 Carl August von Steinheil ku Munich ndi Léon Foucault ku Paris anayamba kupanga akalilole a telesikopu mwa njirayi. Galasi ndi lopepuka kuposa chitsulo chija, siliva amabweza kuwala kochuluka, ndipo akathimbirira umangomusungunula n'kumata wina popanda kukhudza maonekedwe a galasi. Foucault anawonjezera mphatso ina mu 1858: njira yoyezera kalilole ndi nyali, kabowo kakang'ono ndi mpeni. Kalilole amaimikidwa kumapeto kwa chipinda chamdima. Kuwala kochokera pa kabowo kumakagunda pa iye n'kubwerera, ndipo pomwe kwasonkhana munthu amaikapo diso n'kumalowetsa lezala pang'onopang'ono. Galasi lomwe ndi maso limaoneka losalala limaonetsa zitunda ndi maenje a mithunzi. Ukaligwira ndi chala kwa kanthawi n'kubwerera pa lezala, umaona katumphu pomwe kutentha kwa chala kwafufumitsa galasi. Ndi zipangizo za m'nyumba zimenezi munthu amatha kuona cholakwika chochepera gawo limodzi mwa magawo 10,000 a milimita, ndipo kalilole wabwino amafuna kulondola kotero.

Pasanathe zaka 30, Andrew Ainslie Common, yemwe ntchito yake inali ya mipope ndi zaukhondo ku London, anali ataimika telesikopu ya mainchi 36 kuseri kwa nyumba yake ku Ealing, ndipo mu 1883 anajambula nayo kamtambo ka mu Orion, chithunzi chomwe chinaonetsa nyenyezi zosaoneka ndi diso pa telesikopu yomweyo.

Kuti ntchitoyi isanduke mwambo wa anthu wamba, zinayambira ku Springfield, tauni ya mafakitale ku Vermont m'dziko la America. Russell Porter, amene unyamata wake anathera pa maulendo a kumadera oundana a kumpoto, anayambitsa kalasi mu 1920 yophunzitsa kupera akalilole. Ambiri mwa ophunzira ake anali ogwira ntchito pa kampani ya makina ya Jones & Lamson, ndipo m'gulumo munali mayi mmodzi. Mu 1923 anakhazikitsa kalabu, namanga kanyumba pa phiri la Breezy Hill komwe anakatcha Stellafane. Mkonzi wina wa magazini ya Scientific American, Albert Ingalls, analemba za iwo mu 1925, makalata a owerenga anasefukira, ndipo mu 1926 panatuluka buku la Amateur Telescope Making komanso panachitika msonkhano woyamba pa phiripo. Msonkhanowo umachitikabe, anthu akubwera ndi telesikopu zawo kudzapikisana. Porter mwiniwake anaitanidwa ku California mu 1928 kukathandiza pa mapulani a telesikopu ya mainchi 200 ya pa Palomar.

Njira yomwe ankaphunzitsa siinasinthe kwenikweni. Pamafunika magalasi awiri ozungulira ochindikala. Limodzi limakhazikidwa pamwamba pa mgolo wodzaza madzi kapena mchenga kuti usagwedezeke, pamwamba pake n'kuthirapo madzi ndi mchenga wolimba wa carborundum, kenako linalo limakankhidwa kutsogolo ndi kumbuyo, mofanana ndi mmene amayi amaperera mawere pa mphero. Woperayo amayenda mozungulira mgolo, akutembenuzanso galasi lomwe lili m'manja. Popanda wolijambula, lapamwamba limayamba kulowa m'kati, lapansi n'kumatukuka. Dzenje likakwana, amasinthira ku mchenga wosalala, kenako wosalala kuposa pamenepo, ndipo asanasinthe amatsuka chilichonse, mgolo, manja, ngakhale zikhadabo, chifukwa kamchenga kamodzi kotsalira kamakanda mzere womwe umabweza ntchito m'mbuyo maola angapo. Pomaliza amathira phula pa galasi lapansi, kulidula timizere, n'kupukuta ndi ufa wofiira womwe unkadetsa zovala ndi makoma a m'nyumba zambiri. Kuyambira m'ma 1930, John Strong atapeza njira yake, aluminiyamu inalowa m'malo mwa siliva.

Komabe kwa zaka pafupifupi 40 ambiri ankalekera pa mainchi 6 kapena 8. Galasi silinali vuto lalikulu. Chovuta chinali choikapo. Mabuku ankati telesikopu yeniyeni iyenera kukhala pa chitsulo chopendekeka cholozetsedwa ku nsonga ya thambo, chokhala ndi zolemera zolinganizira, kuti izitsatira nyenyezi pamene dziko likuzungulira. Pa kalilole wa mainchi 16 choikapo chotere chinkafuna makina osulira, simenti ndi nyumba yakeyake. Ankanenanso kuti galasi liyenera kuchindikala gawo limodzi mwa magawo 6 a kukula kwake, zomwe zinkachititsa lalikulu kukhala losanyamulika ndiponso lodula.

Amene anaphwanya malamulowa anali mmonke wopanda ndi tambala yomwe. John Dobson anabadwira ku Beijing mu 1915, anaphunzira za mankhwala ku Berkeley, ndipo mu 1944 analowa m'nyumba ya amonke a Vedanta Society ku San Francisco. Telesikopu yake yoyamba anapanga mu 1956 ndi zotolatola. Kenako anayamba kupera magalasi a mawindo ozungulira a sitima zapamadzi zakale, omwe anzake akunja ankamugulira motchipa kogulitsa zotsalira. Ataona mwezi pa kalilole wa mainchi 12, anatsimikiza mumtima kuti munthu aliyense ayenera kuona zimenezi, ndipo atasamutsidwira ku Sacramento anayamba kuzemba usiku kukaonetsa anthu a m'deralo ndi kuphunzitsa ana awo kupera. Kusowasowa kwakeko kunamuchotsetsa ku nyumba ya amonke mu 1967. Chaka chotsatira iye ndi anyamata awiri omwe anawaphunzitsa anayambitsa gulu la San Francisco Sidewalk Astronomers, loimika telesikopu m'mbali mwa msewu n'kumaitana odutsa kuti aone ulere.

Telesikopu ya Dobson ukaiona koyamba umaseka. Chipaipi ndi chikatoni cholimba chomwe omanga amathiramo konkire poumba zipilala. Chimagona m'bokosi la pulayiwudi, pa mawilo awiri am'mbali, ndipo bokosilo limazungulira pa thabwa lapansi lomangidwa ndi bawuti imodzi pakati. Pomwe matabwa akhudzana pali tizidutswa ta Teflon totsetsereka pa Formica, ndipo apa ndi pomwe pagona nzeru yonse: ukakankha ndi chala chimayenda mosadukiza, ukasiya chimaima pomwepo osagwedera. Galasi lopyapyala la sitima lija silipindika chifukwa limatsamira pa malo angapo kumbuyo, m'mphepete mwake litakhala pa lamba. Zoyang'aniramo ankazichotsa ku mabainokyula akale. Kulemera konse kuli pansi, ndiye palibe zolinganizira.

Ili ndi chilema chake, ndipo Dobson sankabisa. Siitsatira nyenyezi yokha, choncho woona amayenera kumaikankha pang'ono nthawi ndi nthawi, ndipo siyenera kujambulira zithunzi zofuna mphindi zambiri. Akatswiri ena a telesikopu poyamba anainyoza kuti ndi ntchito yosalongosoka. Koma gulu la Dobson linkanyamula ya mainchi 24 pa galimoto kupita nayo ku Yosemite ndi ku Grand Canyon, n'kuiimika madzulo omwewo, anthu ali pamzere. Herschel ndi Rosse anali ndi akalilole aakulu kuposa pamenepo, koma sakanatha kuchita zimenezo. Dobson sanalembetse umwini wa luso lakeli, ndipo mu 1980 kampani ya Coulter Optical inayamba kugulitsa za mainchi 13.1 pa mtengo womwe kale unkagula kakang'ono. Anamwalira mu January 2014 ali ndi zaka 98.

Omwe anabwera pambuyo pake anangopepukitsa. M'malo mwa chikatoni anaika timapaipi 8 ta aluminiyamu tomasula, kuti telesikopu yaikulu izilowa m'galimoto wamba. David Kriege, dokotala wa mano wa ku Wisconsin, anatchukitsa kapangidwe kameneka kuyambira mu 1989, ndipo buku lomwe analemba ndi Richard Berry mu 1997 ndi lomwe ambiri amatsegula akamayamba mapulani. Mafunso omwe wopanga amadzifunsa asanagule galasi ndi omwe aja anagwetsa chimphona cha ku Slough. Kalilole wa mainchi 20 yemwe amasonkhanitsa kuwala pa mtunda wa mainchi 100 amaika choyang'aniramo mamita awiri ndi theka kuchokera pansi, kutanthauza kukwera makwerero mumdima. Ukafupikitsa mtundawo, kupera kumavuta ndipo pamafunika lenzi ina yowongolera zithunzi za m'mphepete. Bokosi la kalilole liyenera kudutsa pakhomo la nyumba ndi la galimoto, n'chifukwa chake amalimangira zogwirira za mawilo ngati wilibala. Kumbuyo kwa galasi amaikako kafani kuti lizizire msanga. Pamwamba pamakhala katelesikopu kakang'ono kolozera, nsalu yakuda yotchinga kuwala kwa m'mbali, ndi kachipangizo kowongolera akalilole awiriwo nthawi iliyonse akamanga. Wofuna kuti izitsatira nyenyezi amaikhazika pa thabwa loyenda ndi mota, nzeru yomwe Adrien Poncet wa ku France anafalitsa mu 1977.

Njala ya kalilole wamkulu ndiye siinathe. Mu 2013 Mike Clements, dalaivala wa malole ku Utah, anamaliza telesikopu ya mainchi 70. Galasi lake linapangidwira setilaiti ya ukazitape, koma linakanidwa litabenthuka m'mphepete, ndipo Clements analimata siliva yekha ndi mpope wopopera mankhwala m'munda. Telesikopuyo tsopano ili ku Stansbury Park, kumadzulo kwa Salt Lake City, komwe anthu wamba amapita kukaonerapo pa masiku oikika. Kalilole wake amachepa ndi mainchi 2 okha poyerekeza ndi wa Lord Rosse.